Akadzandiuza kuti ndiuziremo mzimu, ndidzayankha chiyani?



Ndiyambe ndi kunena kuti iyi si fatwa. Ine sindine shehe. Ku madrassa ndinapitako zaka zisanu ndi zitatu, ndinamaliza kuwerenga Qur'an, ndinaloweza ma hadith angapo, ndipo Chiarabu changa n'chongokwanira kumva khutba osasochera kwambiri. Chimene ndabwera nacho lero ndi funso lomwe landisowetsa tulo kwa miyezi ingapo, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa inu muli nalonso, kungoti simunalitulutse.

Ndimakhala ku Area 25, mbali yoyandikana ndi Kanengo. Amene munafikako mukudziwa m'mene kumakhalira m'mawa: anthu a pa njinga ndi oyenda pansi akuthamangira m'mafakitale, malole a fodya atandanda kudikira ku okushoni, nkhokwe zazitali za chimanga za NFRA zikuonekera patali. Bambo anga agwira ntchito m'menemo zaka zambiri, yonyamula mabelo nyengo ya fodya ikafika. Fizi yanga ya ku yunivesite imachokera pa msana wawo ndi pa geni ya mtedza imene mayi amachita ku msika wa Mgona. Ndiye mukamva ndikukamba za ntchito ndi riziki, dziwani kuti kwathu imeneyi si nkhani yocheza.

Ku sukulu ndikuphunzira za makompyuta, koma chimene mtima wanga unakonda kwenikweni ndi kuumba zinthu za 3D ndi kupanga makatuni. Ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya Blender, yomwe anayambitsa Ton Roosendaal wa ku Netherlands. Mu 2002 anthu okonda pulogalamuyi anasonkha ndalama zokwana 100,000 euro kuti ikhale ya aliyense, ndipo mpaka lero ndi yaulere. Mnyamata wa ku Area 25 amene ali ndi laputopu yogula kwa wina akhoza kuitsitsa pa intaneti osabera munthu. Pafupifupi aliyense woyamba kuphunzira amayambira pa donati, potsatira makanema a Andrew Price pa YouTube. Yanga inatuluka ngati mandasi ogona a pa depoti, koma ndinasangalala nayo sabata yonse. Kenako ndinaumba kapu, mpando, minibasi, mpaka nkhokwe za ku Kanengo zija. Pa zonsezi mtima wanga unali mbee, panalibe chondivuta.

Vuto linayamba tsiku limene ndinaumba nkhope.

Gulu lina lophunzitsa za ukhondo linandipatsa ganyu yopanga kakanema ka masekondi 40: kamtsikana kakusamba m'manja ndi sopo kasanadye nsima. Nonse mukukumbukira kolera imene inayamba mu 2022, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Ndinaona kuti ndi ntchito yabwino, komanso ndalama yake ikanachepetsa katundu wa bambo. Ndinavomera osaganiza kawiri.

Tsiku lina itatha swala ya Asr, a Ustadhi amene anandiphunzitsa ku madrassa anabwera kudzacheza ndi bambo. Anandipeza pakhonde, laputopu ili pamiyendo. Pa sikirini panali mutu wa kamtsikana kaja, wopanda tsitsi, maso ali tong'o. Anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali.

"Ichi wapanga ndiwe?"

"Eya, a Ustadhi."

"Maso awa waika ndiwe?"

"Ndine."

"Mwana wanga, hadith ija ndinakuphunzitsa ndine, m'buku la Riyadh As-Salihin. Sindiibwereza. Uinene wekha."

Ndinainena, mawu akunjenjemera. Ili mu Bukhari ndi Muslim, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti opanga zithunzi za zamoyo adzalangidwa tsiku la Qiyama, adzauzidwa kuti apereke moyo kwa zimene anapangazo, ndipo sadzatha. A Ustadhi sanakalipe. Anangondigwira paphewa n'kulowa m'nyumba. Bwenzi zili bwino akanandikalipira.

Usiku umenewo ndinakumbukira chinthu chimene ndinawerengapo kale n'kuchiseka. Mawu akuti animation amachokera ku liwu la Chilatini lakuti anima, lomwe limatanthauza mpweya kapena mzimu. Dzina lenileni la ntchito imene ndikufuna kugwira moyo wanga wonse likutanthauza kuika mzimu m'chinthu. Komanso mu Blender, ukamaliza kuumba thupi umaliikira timitengo tamkati toti liziyenda, ndipo pulogalamuyo imatitchula kuti mafupa. Umaumba thupi, umaika mafupa, umavekapo khungu, kenako umaliyendetsa. Aliyense amene anawerengapo Surah Al-Mu'minun, pamene Allah akufotokoza m'mene mwana amaumbidwira m'mimba mwa mayi ake, sangalephere kuchita nthumanzi akaona mndandanda umenewu.

Pali chizolowezi chimene achinyamatafe tili nacho. Tikamva kuti chinthu chomwe timakonda n'choletsedwa, timagula bandulo n'kuyamba kusaka shehe amene anene zimene tikufuna kumva. Tikamupeza, basi, nkhani yatha. Ine ndinadziuza kuti ndisachite zimenezo. Ndinayambira dala kumbali imene ikundipweteka.

Asilamu ambiri kuno ku Malawi timatsatira madhhab a Imam Shafi'i, ndipo mmodzi mwa akuluakulu a madhhab amenewa ndi Imam An-Nawawi. Iye anagamula kuti kujambula chamoyo, munthu kapena nyama, ndi haramu, kaya ndi pa nsalu, pa khoma, pa ndalama, kaya chithunzicho chili ndi mthunzi kapena chilibe. Umboni ulipo ndithu. Mayi Aisha (RA) anapachika nsalu yokhala ndi zithunzi m'nyumba, Mtumiki (SAW) atalowa nkhope yake inasintha, nsaluyo inachotsedwa n'kuisandutsa mapilo. Palinso nkhani imene imandikhudza kwambiri chifukwa munthu wake ndi wofanana nane. Bambo wina anapita kwa Ibn Abbas (RA) n'kumuuza kuti amadya kuchokera ku ntchito ya manja ake, yojambula zithunzi. Ibn Abbas anamuuza za chilango chija, bamboyo anachita mantha mpaka nkhope inasandulika. Ndiye Ibn Abbas anamulangiza kuti ngati sangathe kusiya, azijambula mitengo ndi zinthu zopanda mzimu. Taonani, sanamuuze kuti ataye zida zake. Anamusonyeza njira ina yodyera ndi luso lomwelo.

Kenako ndinapita kumbali inayo. A madhhab a Imam Malik amati chimene chili haramu ndi chifanizo chokwanira ziwalo zonse chokhala ndi mthunzi, monga chosema kapena choumba, pamene chojambula pa pepala kapena pa nsalu sichifika pa haramu. Al-Qasim ibn Muhammad, mdzukulu wa Abu Bakr (RA) komanso mmodzi mwa akatswiri asanu ndi awiri a fiqh a ku Madina, zikunenedwa kuti anali ndi nsalu ya zithunzi m'nyumba mwake. Ndiye pali zidole za mayi Aisha. Mu Abu Dawud muli nkhani yakuti Mtumiki (SAW) anaona pakati pa zidole zawo kavalo wokhala ndi mapiko a nsalu. Atafunsa, iwo anayankha kuti nawonso akavalo a Sulaiman (AS) anali ndi mapiko, ndipo Mtumiki anaseka. Sanalamule kuti kavaloyo aphwanyidwe. Amayi a Maswahaba nawonso ankapangira ana awo zidole zaubweya tsiku la Ashura, kuti mwana akalira njala azisewera nacho mpaka nthawi yomasula. Pa chifukwa chimenechi ma Ulama ambiri, ngakhale okhwimitsa, anapatula zidole za ana. M'nthawi yathu ino, Sheikh Yusuf Al-Qaradawi m'buku lake la Al-Halal wal-Haram fil-Islam la mu 1960 anatsindika kuti choyang'ana kwambiri ndi cholinga cha chithunzicho ndi chimene chikuonetsa.

Kamera itabwera, ma Ulama anayeneranso kukhala pansi. Sheikh Muhammad Bakhit Al-Muti'i, yemwe anali Mufti wa ku Egypt, anafotokoza kuti kujambula ndi kamera ndi kugwira mthunzi wa chinthu chimene Allah analenga kale, ngati m'mene kalilole amachitira. Ine nditawerenga izi ndinamwetulira, chifukwa Chichewa chathu chinanena kale zomwezo: chithunzi ndi mthunzi ndi mawu a pa mtundu umodzi. Lero tonse tili ndi chithunzi pa chitupa cha unzika, ndipo timaswali tili ndi John Chilembwe m'thumba pa K2,000, Rose Chibambo pa K200. Palibe amene amasiya ndalama pakhomo la mzikiti pamodzi ndi nsapato.

Nanga kamtsikana kanga kali mbali iti? Apa ndi pamene mutu unazungulira. Sikojambula ndi kamera, chifukwa kamtsikana kameneko kulibe, ndinakapeka ndine. Sikosema, chifukwa sungakagwire. Timati ndi 3D, koma mkati mwa kompyuta ndi manambala okhaokha, timadontho masauzande, kalikonse ndi manambala atatu onena pamene kali. Mthunzi kali nawo ndikayatsa nyale ya mu pulogalamu, ndikaithimitsa mthunzi palibe. Magetsi akathima batire n'kutha, kamtsikanako kulibe paliponse m'chipindamo. Imam Malik ndi Imam Shafi'i sanaone chinthu chotere, ndipo ma Ulama a lero akusiyana maganizo pa icho. Amene angakuuzeni kuti nkhaniyi ndi yophweka, kaya akuloleza kaya akuletsa, sanaiganizire mokwanira.

Nditaona kuti dzina la chinthucho silindithandiza, ndinafunsa funso lina: kodi chiletsochi chikutiteteza ku chiyani? Ma Ulama amatchula zifukwa zikuluzikulu ziwiri.

Choyamba ndi shirk. Mu Surah Nuh mwatchulidwa mafano asanu: Wadd, Suwa', Yaghuth, Ya'uq ndi Nasr. Ibn Abbas anafotokoza kuti amenewa anali maina a anthu olungama. Atamwalira, anthu anaimika zifanizo pamalo amene ankakhala kuti aziwakumbukira. Mbadwo umenewo sunazipembedze. Koma utatha, chidziwitso chitaiwalika, adzukulu anayamba kuzigwadira. Shirk inalowa kudzera pa chikondi ndi ulemu, pang'onopang'ono, ngati chiswe m'denga. Ndipo tisadzinamize kuti zimenezi zinatha. Ife a Malawi tikudziwa mphamvu ya nkhope ya munthu ikasindikizidwa pa chitenje, anthu n'kumavina mozungulira mwini wakeyo. Wopanga zithunzi akhoza kukuza munthu mpaka aoneke ngati salakwa. Apa ndinavomera kuti chenjezo lija likundikhudza ndithu. Koma ndinaonanso kuti kamtsikana kosamba m'manja palibe amene angakagwadire. Mwana amakaseka, amakatsanzira, kenako amathamangira ku mpopi.

Chachiwiri ndi kudziyerekeza ndi Mlengi. Limodzi mwa maina a Allah, kumapeto kwa Surah Al-Hashr, ndi Al-Musawwir, Wopereka maonekedwe. Muli hadith Qudsi imene imadzudzula munthu wofuna kulenga monga Allah amalengera, n'kumuuza kuti ayese kulenga kanyerere kapena kambewu kamodzi. Apa ndiye pamene ndinadzifufuza kwenikweni, ndipo ndikuuzeni zoona: matendawa ndinawapeza mwa ine. Tsiku limene kamtsikana kaja kanaphethira koyamba, ndinadumpha pampando. Mumtima munabwera kamawu kakuti, taona zimene wapanga, ndiwe dolo. Kamawu kameneko ndikakumbukira ndimachita istighfar.

Koma ntchito yomweyi ndi imene inandichiza. Kanema amayenda ndi zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Masekondi 40 ndi zithunzi 960. Laputopu yanga imatenga mphindi zitatu kumaliza chithunzi chimodzi, ndiye kuti maola 48 ikulira ngati chigayo, magetsi akapanda kuthima. Zisanafike pamenepo, ndinatha masabata awiri kulimbana ndi zala zokha, kuti zigwire sopo osalowa mkati mwa sopoyo. Tsiku lina nditatopa ndinapita ku Mgona kukathandiza mayi kunyamula matumba. Ndinaona kambuzi kakudumpha ngalande, kakutera pa mwala woterera, kakupukusa khutu kuthamangitsa ntchentche, nthawi yomweyo kakutafuna. Palibe amene anakaikira keyframe. Sikanadikire render. Kanachokera m'mimba mwa make kakudziwa kale kuima. Ndinaima pamenepo thumba lili pamutu, ndinangoti Subhanallah. Zaka zonse za ku madrassa ndinkatchula dzina lakuti Al-Musawwir, koma tsiku limenelo ndi pamene linandilowa.

Chichewa chili ndi mawu awiri amene sitiwasokoneza: kulenga ndi kuumba. Agogo akaumba mbiya sitinena kuti alenga. Dothi si lawo, madzi si awo, manja anachita kupatsidwa. Namalenga ndi mmodzi. Inenso masamu amene kompyuta imagwiritsa ntchito powerengera kuwala sindinawapange. Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo Ibn Al-Haytham, ali ku Cairo, analemba Kitab Al-Manazir, m'mene anaonetsa kuti timaona chifukwa kuwala kumachoka pa chinthu n'kulowa m'diso. Blender ikamapanga chithunzi imangotsatira njira za kuwala zomwezo, zimene Allah anaika kale. Funso lija lakuti uziramo mzimu, ine ndimaligonja usiku uliwonse, ndipo ndimadziwa kuti ndaligonja.

Ndili mkati molimbana ndi zonsezi, kunabwera ganyu ina. Mnzanga wina anandilumikiza ndi anthu ofuna kanema wotsatsa malonda a kubetcha mpira pa foni. Ndalama yake inali yoposa katatu ya kamtsikana kaja. Ndipo tamverani izi: munalibe nkhope m'menemo. Munalibe munthu, munalibe nyama. Mpira wozungulira, makobidi agolide akugwa ngati mvula, zilembo zonyezimira, basi. Mnzangayo, yemwe amadziwa nkhawa yanga, anandiuza mosangalala kuti, "Aise, iyi ndiye ya halali, mulibe chamoyo."

Kwa masiku awiri ndinaikhulupirira, chifukwa ndinkafuna kuikhulupirira. Fizi inali isanakwane. Koma juga yaletsedwa poyera mu Surah Al-Ma'idah, ndime ya 90, pamodzi ndi mowa ndi mafano amene. Pamenepo palibe kusiyana kwa madhhab. Ndipo sindikusowa buku kuti ndidziwe zimene kubetcha kukuchita kwathu kuno. Ndikudziwa anyamata a kabaza amene ndalama ya tsiku lonse imathera pa tikiti imodzi, ndikudziwa anzanga a ku sukulu amene anadya fizi akudikira chigoli cha mphindi yomaliza. Ntchito yanga ikanakhala kupanga msamphawo kuti uwale bwino. Ndinakana. Sindinakane mwaulemerero ayi, ndinakana mtima ukuwawa, ndipo usiku wake ndinawerengera ndalama ija kangapo m'mutu.

Ganyu ziwirizi zitaima pamodzi m'maso mwanga, ndinaona chinthu chimene sindinkachiona. Imodzi inali ndi nkhope, ma Ulama akusiyana pa iyo, ndipo ikanatha kuteteza mwana ku kolera. Inayo inalibe nkhope, inadutsa bwinobwino pa muyeso umene ndinkaopa, koma inali haramu yosakayikitsa. Ndikanangoyang'ana funso la nkhope lokha, ndikanasiya yokayikitsa n'kukagwa m'dzenje loonekeratu, n'kumadzitcha wosamala. Shaitan ndi wochenjera choncho: amakusiya ukulondera khomo lakumaso iye akulowera kuseri. Funso la nkhope ndi loona ndipo sindikulichepetsa. Koma pambali pake pali ena amene wopanga zithunzi aliyense ayenera kuyankha. Chithunzichi chikukweza ndani? Chikuitanira anthu ku chiyani? Chikunena zoona? Masiku ano luso lomweli likutha kuika mawu m'kamwa mwa munthu amene sanawayankhule, kuvula mlongo wathu zovala pa chithunzi, kupanga satifiketi yabodza kapena uthenga wabodza wakuti ndalama yatumizidwa. Zonsezi ndi machimo a anthu a ntchito yanga, ndipo ena mwa iwo safuna n'komwe kujambula diso.

Pali chinanso. Mlongo wanga wamng'ono ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Akagwira foni ya mayi amaonera makatuni, ndipo palibe fatwa imene ingamuletse iye ndi anzake onse a m'dera lathu. Asilamu a ku Malaysia anaona zimenezi kale. Upin & Ipin inayamba mu 2007 ngati nkhani yophunzitsa ana za Ramadhan, ndipo Omar & Hana ikuphunzitsa ana Bismillah ndi Alhamdulillah m'maiko ambiri. Ku Dubai anapanga filimu ya Bilal mu 2015. Pafupi pompa, Malenga Mulendema wa ku Zambia anayambitsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana a ku Lusaka, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Ndipo mu 2025 filimu ya Flow ya ku Latvia, yopangidwa ndi Blender yomweyi ndili nayoyi, inapata mphoto ya Oscar. Zida zilipo m'manja mwathu. Nanga ndani adzapangire mlongo wanga katuni wa m'Chichewa kapena m'Chiyao womuphunzitsa wudhu, kulemekeza makolo, kunena zoona? Tikachokamo tonse ife oopa Allah, ana athu sasiya kuonera. Adzangoleredwa ndi amene atsalamo. Ndikudziwa kuti kufunika kwa chinthu sikusandutsa haramu kukhala halali. Koma pamene ma Ulama asiyana, ndipo zidole za ana zinaloledwa m'nyumba ya Mtumiki (SAW) mwini, phindu lotere lili ndi kulemera kwake pa sikelo.

Patatha mwezi ndinapita kwa a Ustadhi itatha Jumu'a. Ndinawafotokozera zonse, za Imam Malik, za zidole, za kambuzi, za kubetcha. Anamvetsera mpaka kumapeto. Mukuganiza kuti anasintha maganizo? Ayi ndithu.

"Ine ndili pa mawu a Imam An-Nawawi," anatero. "Ndikanakhala iwe ndikanaumba nyumba, milatho ndi makina. Koma wawerenga, sunathawe umboni, ndipo amene ukuwatsatirawo ndi ma Ulama, si anthu wamba. Sindikutcha wopanduka. Ndikufunse chimodzi chokha. Adhana ikamveka chinthu chako chili pakati, amadikira ndani, iwe kapena Allah?"

Ndinayang'ana pansi. Fajr zingapo zinandidutsa chifukwa chogona 3 koloko ndikukonza zala za katuni. Ndinapita kukateteza ntchito yanga pa nkhani ya mafano, osadziwa kuti fano limene linayamba kale kundidya linali ntchito yomweyo.

Bambo nawonso anandiuza mawu awo madzulo ena tikudya. Iwo si munthu wolankhula zambiri. Anati, "Ine ndanyamula fodya zaka zonsezi. Sindinasutepo. Ndinafunsa mashehe, ena anati palibe vuto, ena anati ndisiye. Ndinalibe kolowera, ndinapitiriza, koma mtima sunakhazikikepo. Iwe waphunzira. Usadzadye ndalama yokusowetsa mtendere ngati ine." Mawu amenewa amandilemera kuposa mabuku onse ndinawerenga.

Ndiye pano ndaima pati? Ndikupitiriza ntchitoyi, koma ndadziikira malire. Chakudya changa chenicheni ndikufuna chizichokera kumene Ibn Abbas analoza: mapulani a nyumba oti mwini aone isanamangidwe, makina, katundu wa m'mafakitale, mapu, zilembo zoyenda. Kanengo yokhayi yadzaza makampani amene amafuna zinthu zotere, ndipo m'menemo mulibe chokayikitsa. Zamoyo ndizipanga pokhapokha pamene zikuphunzitsa, makamaka ana, ndipo zizioneka kuti ndi katuni, osati zoyesa kufanana ndi munthu weniweni mpaka kunyenga diso. Sindidzajambula Mtumiki aliyense kapena mngelo. Sindidzatulutsa chifanizo cha munthu pa makina osindikiza zinthu zogwirika kuti chikaime pa shelefu. Sindidzapanga za umaliseche, za mowa, za juga, za katapira, ngakhale mutakhala mulibe nkhope. Sindidzagwiritsa nkhope ya munthu weniweni kunena zimene iye sananene. Ndipo adhana ikamveka, laputopu izidikira.

Mwina ndalakwitsa. Ndikunena izi ndi mtima wonse. Mwina a Ustadhi ndi amene ali pa choona, ndipo m'bale kapena mlongo amene wasankha kusajambula chamoyo chilichonse wasankha njira yotetezeka, imene Mtumiki (SAW) anaiyamikira pamene anatichenjeza za m'busa wodyetsa ziweto m'mphepete mwa malo oletsedwa. Woteroyo tisamuseke kuti ndi wotsalira. Nayenso asathamangire kuponya mnzake ku moto pa nkhani imene akuluakulu a Deen anasiyana. Ndipo inu amene muli ndi funso ngati langali, musatenge nkhani yangayi ngati chilolezo. Pitani kwa shehe amene mumamudalira, mumuonetse pa sikirini chimene mumapanga, chifukwa ambiri sanaonepo m'mene ntchitoyi imachitikira, ndipo fatwa yabwino imafuna kuti woipereka achione chinthucho.

Kakanema kaja ndinakamaliza. Mlongo wanga anakaonera kasanu, kenako anapita kukatenga sopo wochapira mbale n'kuyamba kusamba m'manja akuwerenga mokweza ngati kamtsikana kaja. Mayi anakalipa kuti sopo akutha. Ine ndinaseka, koma mantha aja sanachoke, ndipo ndasiya kupempha kuti achoke. Ndi amene amandikumbutsa kunena Bismillah ndisanatsegule Blender, ndi amene anandikanitsa ndalama ya juga. Tsiku limene ndidzaumbe nkhope mtima osagunda n'komwe, tsiku limenelo ndidzadziwa kuti china chake chafa mwa ine.

Ngati ndidzafunsidwe funso lija tsiku la Qiyama, yankho ndilibe loposa ili: Mbuye wanga, sindingathe, ndipo sindinayesepo kunena kuti ndingathe. Ndinali woumba chabe, dothi linali lanu.

Allah atikhululukire pamene talakwitsa, atisonyeze choona n'kutipatsa mphamvu yochitsata, ndipo adalitse ntchito za manja athu ndi riziki la halali. Allahu a'lam.

Wassalamu alaikum warahmatullah.